Mphuno Ziwiri za Mini

Injini ya Mini yakale ili ndi masilinda anayi, koma mabowo okokera mpweya ndi awiri okha. Silinda yoyamba ndi yachiwiri zimapumira bowo limodzi, yachitatu ndi yachinayi zimagawana linalo. Injiniyi, yomwe dzina lake ndi A-series, inayamba kupangidwa ku England mu 1951 kuti iziyendetsa kagalimoto ka Austin A30, ndipo mu 1959 Alec Issigonis anaitenga n'kuigoneka chopingasa kutsogolo kwa Mini. Inali injini ya anthu opita kuntchito ndi kumsika. Mabowo awiri ankakwana, komanso ankatsitsa mtengo. Koma aliyense amene wafunapo kuiwonjezera mphamvu amafika pa mphuno ziwirizi n'kuima, chifukwa funso la kabuleta yoti aikepo limayambira pamenepo. Ine ndi amalume anga tinaimapo miyezi itatu.

Mini yanga ndi ya 1982, ya mtundu wa 1275E, yopangidwa ku Blackheath kufupi ndi Cape Town, kutatsala chaka chimodzi kuti fakitale ya kumeneko isiye kupanga ma Mini. Ndinaigula kuno ku Johannesburg ndi ndalama zomasulira timabuku ta zaumoyo ndi zikalata za kukhoti, ntchito yomwe malipiro ake amawerengera liwu limodzilimodzi. Choncho ndikaona mtengo wa chitsulo chilichonse, mutu wanga umausandutsa masamba. Injini anaiphwasula ndi kuimanganso ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, omwe anaphunzira umakaniko ku Limbe nthawi imene ma Morris ndi ma Austin anali mbwee m'misewu ya kumudzi. Masilinda anawakulitsa pang'ono mpaka injini inafika 1293cc, anaikamo kamu yofatsa ya Kent 266, anasalaza njira za mpweya m'hedi, n'kumanga ekizozi ya mapaipi atatu. Pa ntchito yonseyi sanandilipiritse ngakhale randi imodzi. Mfundo imeneyi muisunge, chifukwa ndi imene inalemeretsa nkhani yonse.

Kabuleta (ndasiya dala kufunafuna liwu lina, m'magalaja onse omwe ndalowamo amati kabuleta, ndipo womasulira wanzeru salimbana ndi amakaniko) ntchito yake ndi kusakaniza petulo ndi mpweya. Pisitoni ikamatsika imakoka mpweya. Mpweyawo ukadutsa pamalo opanikizika umathamanga, ndipo ukathamanga umayamwa petulo kuchokera pa kabowo kotchedwa jeti, monga mmene umachitira ukamauzira pakamwa pa botolo. Kuti petulo apse yense pamafunika mpweya wolemera magalamu 14.7 pa galamu imodzi ya petulo. Pofuna mphamvu zambiri amachepetsako mpweya kufika cha m'ma 12.5 kapena 13. Petulo akachuluka, mapulagi amada ndipo thanki imauma msanga. Akachepa, injini imatentha mpaka kuboola pisitoni. Injini ngati yangayi, ikamazungulira maulendo 6,000 pa mphindi, ingathe kumeza mpweya wokwana malita pafupifupi 3,900 pa mphindi imodzi itapanda chotchinga chilichonse. Kabuleta yomwe ndinaipeza pagalimotoyi, SU ya inchi ndi theka yotchedwa HS4, inali itayamba kuitsamwitsa.

Njira zinalipo zitatu: ma SU awiri ang'onoang'ono, SU imodzi yaikulu, kapena Weber.

Maso anga anayamba akomedwa ndi awiriwo. Ndiwo anali pa Mini Cooper ya 1961 ndi pa Cooper S yogulitsidwa m'masitolo, mtundu womwe unapambana mpikisano wa Monte Carlo mu 1964, 1965 ndi 1967. Ukatsegula boneti n'kuona timiphika tiwiri tonyezimira titaima mondondozana, umamva ngati wafika penapake. Ndipo masamu oyamba amaoneka ngati akuwavomereza. Khomo la HS2 ndi la mamilimita 32 kupingasa, kutanthauza malo okwana masikweya milimita pafupifupi 800; awiri ndiye 1,600. SU yaikulu, HIF44, ili ndi khomo la mamilimita 44, malo pafupifupi 1,500. Awiriwo apambana, eti?

Ayi, chifukwa cha mphuno zija. Masilinda a injiniyi amaphulika motsatana chonchi: 1, 3, 4, 2, ndipo amakokanso mpweya m'ndondomeko yomweyo. Mukaitsatira mozungulira muona kuti 3 ikakoka imatsatira 4, zonse za bowo limodzi. Kenako 2 ndi 1, zonse za bowo linalo. Ndiye kuti bowo lililonse limagwira ntchito kawiri motsatizana, kenako limakhala chete pamene linzake likugwira. Pa nthawi iliyonse silinda yomwe ikukoka kwambiri ndi imodzi. Ukaika makabuleta awiri, silinda imeneyo ikupumira khomo la 800 lokha, pamene kabuleta inayo yangokhala manja lende. Kapaipi kolumikiza awiriwo kamathandiza pang'ono chabe. Ukaika imodzi yaikulu, silinda iliyonse ikafika nthawi yake imapeza khomo lonse la 1,500 lili lake. David Vizard, yemwe buku lake lonena za kuwonjezera mphamvu ya injini ya A-series anthu a ma Mini amangolitcha buku lachikasu, anayeza zimenezi pa makina n'kupeza kuti SU imodzi ya inchi ndi makota atatu, ikakhala pa manifodi yabwino, imaposa ma HS2 awiri. Nayonso kampani yomwe inkapanga injiniyi, potulutsa MG Metro mu 1982, inaikapo HIF44 imodzi n'kupeza mphamvu ya mahatchi 72, pafupi kwambiri ndi Cooper S ya makabuleta awiri. Onjezani ntchito yowalinganiza kuti azikoka mofanana, kapaipi ka labala kali kukhutu ngati sing'anga wa kuchipatala. Chikomekome cha mkuyu. Pa awiriwa ine ndi amalume tinagwirizana tsiku limodzi.

Nkhondo inali pa Weber.

Loweruka lina anabwera nayo atakulunga m'chitenje chakale, n'kuiika patebulo la m'galaja mwawo mosamala ngati khanda. Inali 45 DCOE yogwirapo kale ntchito, yomwe munthu wina wa ku Boksburg anawalola kuti abwere nayo ndidzaione ndisanalipire. Pachivundikiro panali dzina la mzinda wa Bologna, kumene Edoardo Weber anatsegula fakitale yake mu 1923; amalume anandilozera ndi chikhadabo, kuti ndidziwe kuti ndi ya ku Italy yeniyeni, yopangidwa ntchitoyi isanasamukire ku Spain. Makabuleta a dzina limeneli anakhalapo pa Ferrari, pa Maserati, pa Alfa Romeo. Ili ndi mikolo iwiri yoongoka, ndiye pa Mini zimangokhala ngati anachita kupangana: m'kolo umodzi pa mphuno iliyonse.

"Iwe," anatero, "ndapukuta ma SU zaka 40. Ndikhoza kuimasula usiku magetsi atazima. Ndisanafe ndimangeko Weber imodzi yokha, ndiimve ikulira pa injini yomanga ndekha."

Munthu ungayankhe chiyani? Kwathu malume ndi mwini mbumba. Ndi amene anandiperekeza ku yunivesite, ndi amene amayi amawaimbira foni ndikakhala chete masabata awiri. Ndipo sankanama. Weber imalira mokoma. Ukaponda moto imachita kukhuthula mpweya ndi mkokomo wa pakhosi, woti ngakhale wosadziwa za galimoto amacheuka. Pa liwiro lapamwamba imapatsadi mphamvu zoposa SU, chifukwa m'njira mwake mulibe chotchinga china koma kachitseko ndi timapaipi topopera petulo.

Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa maganizo a omwe anazipanga. Mu Weber, malo opanikizika aja ndi okhazikika. Umasankha kukula kwake, kaya mamilimita 34, 36 kapena 38, n'kulowetsamo mphete yake, basi. Ukasankha yaikulu, injini imapuma bwino ikathamanga kwambiri, koma ikamayenda pang'onopang'ono mpweya umadutsa mwaulesi ndipo sukoka petulo mokwanira. Ukasankha yaing'ono, m'tauni zimakoma koma pamwamba wadzimana zomwe unagulira Weber. Pofuna kutseka mipata imeneyi muli timajeti tambirimbiri tamkuwa: ya poima, yaikulu, ya mpweya, kachubu kosakanizira, ndi kapampu komwe kamalavula petulo ukaponda mwadzidzidzi. Chilichonse chili ndi nambala yake, chilichonse n'chogula, ndipo popeza mikolo ndi iwiri umagula ziwiriziwiri. Ukasintha chimodzi, chinzake chimadandaula.

SU inachokera kwina. Herbert Skinner ndi abale ake anali a banja la malonda a nsapato ku London, ndipo makabuleta awo oyamba, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, anali ndi kamvukuto kachikopa. Dzinalo ndi chidule cha Skinners Union. Nzeru yawo inali yoti malo opanikizikawo azikula ndi kuchepa okha. M'kamphika kaja muli pisitoni yomwe imakwera injini ikafuna mpweya wambiri, n'kutsika ikafuna wochepa, moti liwiro la mpweya podutsa pa jeti silisintha kwenikweni. Kunsi kwa pisitoniyo kwalendewera singano yosongoka yolowa mu jeti. Pisitoni ikakwera, mbali yopyapyala ya singano ndi imene imatsala m'bowo, petulo n'kutuluka wambiri. Jeti ndi imodzi, singano ndi imodzi. Pamwamba umathirapo timafuta pang'ono toletsa pisitoni kudumpha ukaponda mwadzidzidzi, ndipo kuchedwa kwakeko n'kumene kumawonjezera petulo pa kanthawi komwe akufunika. Weber imafuna kuti uiuziretu zonse. SU imamvera injini n'kutsatira. Malire ake ndi akuti pisitoni ndi kamlatho ka pansi pake zimakhalabe m'njira ya mpweya ngakhale utaponda mpaka pansi.

Sindinawakanize amalume tsiku limenelo. Ndinapempha mwezi umodzi, ndipo mwezi umenewo ndinkayenda ndi kabuku m'galimoto (injini inali ikuyenda ndi HS4 yakale ija), n'kumalemba pomwe muvi wa kuzungulira kwa injini ukukhala. Ulendo wanga wa masiku onse ndi wochoka ku Rosettenville kupita ku Braamfontein, maloboti osawerengeka, mathekisi oima paliponse, ndi mzere wa pa M1 madzulo. Muvi unkakhala pakati pa 2,000 ndi 4,000. Unadutsa 5,000 kanayi mwezi wonse, ndipo kawiri mwa kanayiko ndinachita dala kuti ndione. Zomwe Weber imaposa nazo SU zili kumtunda, cha ku 6,000 ndi kupitirira, kumene kamu yangayi yayamba kale kutopa. Ndikanalipira masamba oposa 200 omasulira kugula chipinda chapamwamba cha nyumba yomwe sindikwerako.

Amalume anawerenga kabukuko n'kuseka. "Ndiye kuti umayendetsa ngati agogo ako. Weber ikuphunzitsa kuponda."

Chomwe chinandilimbitsa mtima si kabukuko ayi, koma choko. Kabuleta ya Mini imakhala kuseri kwa injini, moyang'anizana ndi khoma lachitsulo lolekanitsa injini ndi mokhala anthu, ndipo mpata ulipowo ndi wochepa zedi. Weber kuti ipereke mphamvu zake imafuna manifodi yaitali ndi yoongoka, kuphatikiza timalipenga ta pakamwa pake ndi sefa. Zonsezi sizikwana. Alipo mamanifodi aafupi okhota ngati khosi la tsekwe omwe amalola kuti ilowe popanda kudula kanthu, koma kukhotako kumadya phindu lomwe unkalifuna, moti umatsala ndi phokoso lokha. Njira yeniyeni ndi kudula khomalo n'kuwotchererapo bokosi lolowa m'kati mwa galimoto. Pa ma Mini omwe wotchi ya liwiro ili pakati, nayonso imasamutsidwa. Amalume anatenga tepi, anayeza, ndipo anajambula ndi choko pakhomapo malo oti adule. Anali aakulu ngati buku la nyimbo lotsegula.

Ndinayang'ana mzere woyerawo nthawi yaitali. Thupi la galimoto imeneyi silinaonepo dzimbiri. Yakhala moyo wake wonse kumtunda kuno kouma, osati ku England kumene mchere wothira m'misewu nthawi yachisanu wadya ma Mini osawerengeka. Penti ya pakhomapo ndi yomwe anapopera anthu a ku Blackheath zaka zoposa 40 zapitazo, ndipo sadzapoperanso ina.

"Amalume, apa mwajambulapa mukadula, padzabwerera?"

"Chitsulo chimawotchereredwa, iwe."

"Chimawotchereredwa ndithu. Koma inuyo mukadzaona chipseracho mudzati ndi galimoto yosadulidwa?"

Sanayankhe. Anapukuta m'manja ndi kansanza, n'kuyamba kulongedza masipanala omwe anali olongedza kale.

Pali chinanso chomwe a ku England, omwe analemba mabuku ambiri a nkhaniyi, sachiganizira kwenikweni chifukwa dziko lawo ndi lotsika. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere. Mpweya wa kuno ndi wopepuka, moti injini yopanda tebo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu zake poyerekeza ndi ku Durban. Kabuleta sidziwa kulemera kwa mpweya bwinobwino. Ikakwera kuno imapereka petulo wochulukirapo kuposa woyenera, ikatsikira kunyanja imapereka wochepa. Ndiye manambala a majeti omwe munthu wa ku Birmingham walemba kuti ndi abwino pa injini yofanana ndi yanga, kuno ndi poyambira chabe. Pa Weber, kukonza zimenezi ndi kugula timkuwa tina ndi kubwerera kwa katswiri wokhala ndi bokosi lake la majeti, ndipo akatswiri oterowo ndi owerengeka, amalipiritsa pa ola. Pa HIF44 pali sikuluwu imodzi pambali yokweza kapena kutsitsa jeti. Siikonza zonse, koma pa ulendo wa pa N3 wotsikira ku Durban, munthu ukhoza kuima pa Pietermaritzburg, kupotoza pang'ono, kumvetsera kulira kwa injini, n'kupitiriza. Ndimalakalaka tsiku lina kudzafika nayo ku Lilongwe, komwe kuli pa mamita ongopitirira 1,000, kudzera ku Tete komwe ndi kotsika ndi kotentha ngati ng'anjo. Pa msewu wotero ndikufuna kabuleta yomwe ndingaikonze ndi chida chimodzi pansi pa mtengo wa malambe.

Sindikunena kuti okonda Weber ndi opusa. Mukapita ku Zwartkops, kufupi ndi Pretoria, tsiku la mpikisano wa galimoto zakale, mukaone ma Mini a 1380cc, a kamu yolusa, omwe sadziwa n'komwe kuti pansi pa 4,000 pali moyo. Amenewo Weber ndi yawo, ndipo makoma awo anadulidwa kalekale popanda wolira. Ena amafika pomanga ma Weber awiri n'kumagwiritsa ntchito m'kolo umodzi wokha pa iliyonse, kuti mpweya ulowe mu mphuno zija moongoka kotheratu. Kumeneko n'kulondola. Chomwe ndimakana ndi chizolowezi chogula kabuleta ya galimoto yomwe uli nayo m'maloto, n'kuimanga pa galimoto yomwe uli nayo pakhomo.

Mawu omaliza sindinawanene ndine. Ndinaimbira amayi ku Malawi n'kuwafotokozera, osati za majeti, koma kuti achimwene awo akufuna kuboola galimoto. Zomwe anakambirana awiriwo sindinazimve. Patapita masabata awiri amalume anandiimbira kuti apeza HIF44 yochoka pa galimoto ina yakale, ndipo zoikonzera zake zilipo chifukwa kampani ya Burlen ku Salisbury, ku England, ikupangabe zipangizo za SU mpaka lero. Anawonjeza kuti ndibwere ndi manifodi ya aluminiyamu, yosiyana ndi yachitsulo yakale ija yomwe inaumbidwa pamodzi ndi ya ekizozi n'kumawotcha mpweya usanalowe. Za Weber sanatchule. Choko chija ndinakapeza atapukuta.

Kusankha kabuleta kunathera pamenepo, koma kusankha singano n'kumene kunatidyera Maloweruka. Masingano a SU alipo mazanamazana, iliyonse ndi zilembo zake, ndipo amayezedwa kunenepa kwake pa malo otalikirana gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi. Kusiyana kwa singano ina ndi inzake n'kochepa kuposa tsitsi, koma injini imakumva. Palinso sipuling'i yokankha pisitoni, yomwe amaisiyanitsa ndi utoto: yofiira ndi yofewa, yachikasu ndi yolimbirapo. Tinayamba ndi singano ya BDL, yomwe inkabwera pa MG Metro. Mwa nzeru za ku England, pa injini yokonzedwa ngati yangayi, yokhala ndi sefa yopumira momasuka, singano imeneyi ikanayenera kupereka petulo wochepa. Koma mpweya wopepuka wa kuno unakokera mbali inayo, ndipo titaika galimoto pa dyno, makina omwe matayala amazungulira pa migolo yachitsulo galimoto ili pamodzimodzi, zinapezeka kuti pansi ndi pakati zili bwino. Kumtunda kokha, kuyambira cha pa 5,000, n'kumene petulo ankaperewera pang'ono.

Mnyamata wa pa dyno anati tiitanitse singano ina. Amalume anangoti "Mmm," n'kuitulutsa BDL ija, kuimanga pa dirilo, ndi kutenga kapepala kosalazira kosalala kwambiri. Anaipala chakunsonga masekondi ochepa, kuyeza ndi maikiromita, kupalanso, kuyezanso, magalasi ali pamphuno. Anachita zimenezi katatu, galimoto ikukwera ndi kutsika pa migolo ija. Ulendo wachitatu mzere wa pa kompyuta unagona pa 13 kuchoka pansi mpaka pamwamba. Mnyamata uja anafunsa kuti singano imeneyi tsopano tiziitcha chiyani, poti si BDL-nso. Amalume anati ailembe dzina la mudzi wathu.

Galimoto imalira kamodzi m'mawa wa mwezi wa June, imakoka kuchoka pa 1,500 mu giya yachinayi osatsokomola, ndipo phokoso lake ndi laulemu, lomwe amalume amati ndi la galimoto ya abusa. Weber ija sanaibweze ku Boksburg. Anailipira okha pang'onopang'ono, ndipo ili pa shelefu ya pamwamba m'chitenje chomwe chija. Mwezi wathawu anandiuza kuti amva za thupi la Mini lomwe lili kuseri kwa nyumba ina ku Springs, lochokera kunyanja, lopanda injini, lomwe khoma lake dzimbiri linadya kale pamalo enieni oyenera kudula. Akufuna ndiwaperekeze Loweruka likubwerali, ndipo andiuza kuti ndisaiwale tepi.